Mmene mungadziwire malo ndi chaka cha chithunzi chakale cha sitima zakatundu pamphambano ya njanji

Mwapeza chithunzi chakale. Mwina chinali m'katoni ya zithunzi imene munagula yonse pamodzi, mwina mwachiona pa intaneti chopanda dzina la wojambula. Muli sitima ziwiri zakatundu, njanji zadutsana ngati mtanda, ndipo pambali paima kanyumba kosanja kamawindo mbali zonse. Kumbuyo wina analemba dzina la tauni ndi chaka, kapena sanalembe kalikonse. Mukufuna kudziwa kuti pamenepa ndi pati, chinali chaka chanji, nanga sitimazi zikutani. Mayankho ambiri ali m'chithunzi momwemo, ndipo ngodalirika kuposa zolembedwa kumbuyo, poti zakumbuyozo kawirikawiri munthu amalemba patapita zaka, akungodalira zimene akukumbukira.

Zithunzi zambiri zamtunduwu ndi za ku United States. Kumeneko makampani a njanji anali ambirimbiri, kampani iliyonse ndi njanji yakeyake, ndipo m'zigawo zafulati monga Ohio, Indiana ndi Illinois njanjizo zinkadutsana paliponse popanda milatho. Zitsanzo zanga zichokera komweko, kupatulapo apo ndi apo.

Choyamba: yang'anani chinthu chili m'manja mwanucho

Sitimazo zidikire kaye. Sambani m'manja, muume bwino, ndipo chithunzicho muzichigwira m'mphepete mokha. Ngati ndi negative kapena slide (kafilimu kooneka mkati koonetsera pa pulojekita), valani magolovesi opyapyala opanda ufa, chifukwa mafuta a chala akadinda pafilimu sachoka.

Chitembenuzeni. Ngati kumbuyo kunasindikizidwa ngati khadi lotumiza pa positi, onani ngati pali mzere wogawa pakati, mbali ina ya uthenga, ina ya adiresi. Ku Britain mzerewu unaloledwa mu 1902, ku United States mu 1907, choncho khadi la ku America logawidwa chonchi silinasindikizidwe 1907 isanafike. Chidindo cha positi chimangokuuzani kuti pofika tsiku limenelo chithunzicho chinali chitajambulidwa kale. Kalekale bwanji, sichinena, poti makadi ena ankagulitsidwa zaka zambiri.

Ngati ndi slide yamitundu, werengani pa kakatoni kozungulira filimuyo. Filimu ya Kodachrome inatuluka mu 1935, ya makamera ang'onoang'ono a 35mm mu 1936, ndipo anasiya kuipanga mu 2009. Makatoni ake a mkombero wofiira ndi a zaka za m'ma 1940 ndi m'ma 1950. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak inayamba kudinda mwezi ndi chaka pakakatonipo, koma limenelo ndi tsiku limene filimu inatsukidwa, osati limene inajambulidwa. Munthu ankatha kusiya filimu m'kamera miyezi ingapo. Ndiponso ojambula sitima ankagulitsana ndi kusinthana makope, ndiye chidindo chikhoza kukhala cha tsiku lokopera.

Negative yakuda ndi yoyera imafuna kusamala kwina. Yang'anani m'mphepete mwake. Pakalembedwa SAFETY palibe chodetsa nkhawa kwambiri. Pakalembedwa NITRATE, kapena ngati ndi yakale kwambiri ndipo yayamba chikasu ndi kumata, ichotseni pa zinzake nthawi yomweyo. Filimu ya nitrate imayaka koopsa ndipo moto wake suzimitsika wamba. Kodak inasiya kuipanga chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950.

Chachiwiri: chilowetseni m'kompyuta

Zinthu zimene mukufuna kuwerenga nzazing'ono kwambiri, manambala pambali pa bogi, dzina pakhoma la nsanja, ndiye mufunika kuchikulitsa. Chithunzi chapapepala chisikanireni pa 600 dpi (timadontho pa inchi imodzi) kapena kuposa, slide ya 35mm pa 3000 mpaka 4000 dpi, ndipo sungani mumtundu wa fayilo wotchedwa TIFF. Sikanani ndi kumbuyo komwe. Zimitsani zonse zimene makina amadzikonzera okha. Chochotsa fumbi cha infrared sichigwirizana ndi Kodachrome ngakhalenso negative yakuda ndi yoyera, chimafufuta mawaya ndi tizitsulo poganiza kuti ndi litsiro. Mapulogalamu a AI okongoletsa zithunzi ndiye muwapewe ndithu pantchito ino. Akapeza nambala yosaoneka bwino amapeka ina yooneka bwino, inu n'kumafufuza injini imene pamalopo sinafikepo.

Zilembo zikaoneka chogadama ngati pagalasi, slide yalowa chotembenuka. Ikonzeni musanapitirire, apo ayi kummawa kudzasanduka kumadzulo.

Chachitatu: pezani amene akudikira mnzake

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya polemba mawu ofotokoza chithunzi. Amangoti sitima ziwiri zikukumana. Koma pamene njanji zadutsana pansi pomwepo, malo amene anthu a njanji amawatcha diamond chifukwa cha kaonekedwe ka mpata wapakati pa zitsulo zinayizo, sitima ziwiri sizingadutse nthawi imodzi. Zikakumanadi ndiye kuti ndi ngozi. Mu 1853, kummwera kwa Chicago, pamalo amene pano amatchedwa Grand Crossing, sitima ziwiri zinagundana pamphambano yotere ndipo anthu 18 anafa. Choncho chithunzi chilichonse chamtunduwu chikuonetsa sitima ina ikudutsa, ina ikudikira kapena ikuyandikira pang'onopang'ono. Pokhapokha ngati zonse zili panjanji ziwiri zoyandikana za kampani imodzi, ina ikupita uku ina uko, m'pamene zingadutse pamodzi.

Kanyumba kosanja kaja ndi nsanja yoyendetsera mphambano. Pamwamba pake pankakhala munthu wokoka zitsulo zazitali, ndipo zitsulozo zinkalumikizidwa ndi mapaipi oyenda m'mbali mwa njanji kukafika ku zizindikiro ndi posinthira njanji. Makina ake, otchedwa interlocking, anapangidwa mwakuti ukatsegulira sitima imodzi njira, chitsulo chotsegulira inayo chimakana kukokeka. Munthu angasokonezeke, koma chitsulo sichimvera. John Saxby wa ku England analembetsa luso limeneli mu 1856. Mukaona mapaipi ambiri atandandalikana pansi kuchokera pansanja, dziwani kuti mphambanoyo inkayendetsedwa ndi mphamvu za mikono. Ngati nsanja ilipo koma mapaipi palibe, inali yamagetsi kapena yampweya. Ngati mawindo ake atsekedwa ndi matabwa ndipo pambali pali bokosi lachitsulo, ntchitoyo inali itasamukira ku ofesi yakutali.

Kenaka onani zizindikiro. Zakale zinali ndi dzanja lathabwa kapena lachitsulo pamwamba pa mlongoti. Dzanja likatambasuka chopingasa, sitima iime. Likapendekeka kapena kuloza kumwamba, njira ilipo. Samalani chinthu chimodzi: kawirikawiri injini ikangodutsa, chizindikiro chimabwerera ponena kuti ima pofuna kuteteza kumbuyo kwa sitimayo, ndiye musaganize kuti woyendetsa waphwanya lamulo chifukwa choti mabogi akudutsa pansi pa dzanja lopingasa.

Utsi nawo umalankhula. Injini ya malasha imene ikukoka katundu imaponya utsi m'mwamba mwamphamvu, utsiwo n'kugonera kumbuyo pamwamba pa mabogi. Imene yaima utsi wake umangofuka, nthawi zina nthunzi yoyera ikuphulika pamwamba pa boila chifukwa yachuluka osagwiritsidwa ntchito. Onaninso kuti ndi sitima iti imene yachita mbuu. Kodachrome yoyamba inkafuna kuwala kochuluka, liwiro lake logwira kuwala linali lotsika, ASA 10 yokha, mpaka 1961, ndiye chinthu choyenda sichinkatuluka chakuthwa. Munthu wa m'sitima akakhala pansi, manja m'thumba, sitima yakeyo yaima ndipo mwina yaima nthawi yaitali. Koma mukaona munthu waima pafupi ndi njanji atakweza ndodo yamphanda kapena yamkombero, ameneyo akupereka kapepala ka malangizo kwa woyendetsa, ndipo sitimayo ikuyenda. Woyendetsa ankangotulutsa mkono n'kukatsomphola osaima.

Timbendera tiwiri kutsogolo kwa injini tili ndi tanthauzo lake. Toyera tikusonyeza sitima yapadera imene siili pandandanda wa maulendo, monga mmene sitima zambiri zakatundu zinkayendera. Tobiriwira tikusonyeza kuti m'mbuyo mukubwera chigawo china cha sitima yomweyo.

Chachinayi: dziwani eni njanji, ndipo malo adzadziwika

Musatengeke ndi maina olembedwa pamabogi. Makampani a ku America ankapatsirana mabogi odzadza katundu, moti bogi ya Santa Fe inkapezeka ku Maine, ya Pennsylvania ku California. Ndipotu pamphambano zambiri mudzaona kanjanji kokhota kolumikiza njanji ziwirizo, mabogi angapo ataima pamenepo kudikira kuti kampani inayo iwatenge. Dzina lodalirika ndi la painjini ndi la pakabogi kakumapeto kotchedwa caboose, momwe munkakhala kondakitala ndi mnzake. Izi zinkakhala panjanji ya kwawo, makamaka zaka za m'ma 1960 zisanafike, pamene makampani anayamba kubwerekana mainjini kwambiri.

Dzina likakhala kuti silikuwerengeka, zizindikiro zimathandiza. Kampani ya Pennsylvania inkagwiritsa ntchito nyale zachikasu zokhazokha zondandalikana pambale yozungulira, mzere wake ndiwo unkanena kuti ima kapena pita. Ya Baltimore & Ohio inali ndi mbale yofanana nayo koma ya nyale ziwiriziwiri zamitundu. Munthu wozolowera amazizindikira ali patali.

Mukapeza makampani awiri, funso latsala nlakuti ankadutsana pati. Malo ena amabwerabwera m'zithunzi. Ku Rochelle, m'chigawo cha Illinois, njanji ziwiri za Chicago & North Western zinkadutsana ndi ziwiri za Burlington. Lero ndi Union Pacific ndi BNSF, ndipo mu 1998 tauniyo inatsegula paki yoonerapo sitima pambali pomwepo. Ku Fostoria, Ohio, njanji zikuluzikulu zitatu, Baltimore & Ohio, Chesapeake & Ohio ndi Nickel Plate, zinkapanga makona atatu, nchifukwa chake malowo amatchedwa Iron Triangle. Ku Griffith, Indiana, kunkakumana makampani asanu: Michigan Central, Erie, Grand Trunk Western, Elgin, Joliet & Eastern ndi Chesapeake & Ohio. Palinso Marion ndi Deshler ku Ohio, Tower 55 ku Fort Worth, Texas, ndi Colton ku California, kumene Santa Fe inkadutsana ndi Southern Pacific.

Koma musathamangire malo otchuka. Makampani awiri omwewo ankatha kudutsana m'matauni angapo, ndipo mtima umakonda kusankha dzina limene ukulidziwa kale. Fufuzani chikwangwani pakhoma la nsanja, kawirikawiri pankalembedwa dzina kapena zilembo ziwiri zoitanira pa telegalafu, monga AC ya ku Marion. Fufuzaninso dzina la tauni pathanki lamadzi kapena pankhokwe yaitali ya tirigu, ndi kachipilala kolembedwa nambala ya mamailosi m'mbali mwa njanji.

Ngati mabogi ndi aafupi, amawilo anayi okha, okhala ndi zitsulo ziwiri zozungulira zogundanirana kumapeto, ndipo injini ilibe belu kapena nyale yaikulu kutsogolo, ndiye kuti simuli ku America. Mwina muli ku Britain, ndipo njanji zambirimbiri zikalukana ngati ukonde, wojambula ali pamwamba, ganizirani za kummawa kwa siteshoni ya Newcastle, kumene anthu ankajambulira ali pansanja ya linga lakale. Kumeneko zaka zofunika kukumbukira ndi 1923, pamene makampani anaphatikizidwa kukhala anayi, 1948, pamene boma linawatenga n'kupanga British Railways, ndi August 1968, pamene mainjini a malasha anatha panjanji zake zikuluzikulu.

Chachisanu: chaka

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo ndi limene anthu amaliiwala kwambiri. Chinthu chatsopano kwambiri m'chithunzi ndicho chimadula malire. Chinthu chakale sichitsimikiza kanthu, poti bogi inkagwira ntchito zaka makumi anayi ndipo penti yakale inkakhalabe painjini kampani yake itatha kalekale. Ndiye musafunse kuti chakale ndi chiti. Funsani kuti ndi chiti chimene sichikanatheka kukhalapo chaka chakutichakuti chisanafike.

Yambani ndi injini. Ya dizilo yokokera katundu panjanji zikuluzikulu inayamba ndi mtundu wa FT wa kampani ya EMD, umene unayesedwa mu 1939. Mitundu ya F7 ndi GP7 inatuluka mu 1949, GP9 mu 1954, SD40-2 mu 1972. Chithunzi choonetsa ya malasha ndi ya dizilo pamodzi pamphambano kawirikawiri ndi cha pakati pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndi 1960, chaka chimene Norfolk & Western, imodzi mwa makampani aakulu omaliza kugwiritsa ntchito malasha, inawasiya. Ngati nambala ya injini ikuwerengeka mwachita mwayi, chifukwa mabungwe osunga mbiri ya kampani iliyonse ali ndi mindandanda yosonyeza chaka chimene injiniyo inapangidwa, kusinthidwa nambala ndi kugulitsidwa ngati zitsulo. Ya malasha yopanda nambala yooneka muiwerenge mawilo mbali zonse ziwiri: aang'ono akutsogolo, aakulu okoka, aang'ono akumbuyo. Awiri, asanu ndi atatu, anayi amalembedwa 2-8-4, mtundu umene Nickel Plate inatchuka nawo.

Maina a makampani ali ngati kalendala. Erie Lackawanna inayamba mu 1960. Nickel Plate inalowa mu Norfolk & Western mu 1964. Pennsylvania ndi New York Central zinaphatikizana kukhala Penn Central mu February 1968, ndipo imeneyo itagwa inalowedwa m'malo ndi Conrail mu April 1976. Burlington Northern inayamba mu March 1970, Burlington itaphatikizana ndi makampani ena. Chicago & North Western inamezedwa ndi Union Pacific mu 1995, Southern Pacific mu 1996. Dzina latsopano likaoneka, ngakhale pabogi imodzi yokha kumapeto kwa chithunzi, malire adulidwa.

Tsopano kulitsani mabogi, poti apa m'pamene pali zambiri. Chapansi pambali pa bogi iliyonse ankalembapo kulemera kwake ndi tsiku. Mukaona BLT 6-52 ndiye kuti inapangidwa mu June 1952. Pafupi pake pamakhalanso tsiku limene inayezedwa kulemera komaliza, ndipo limeneli limakhala pafupi kwambiri ndi tsiku la chithunzi chifukwa ankayeza mobwerezabwereza. Werengani mabogi onse amene mungathe, musankhe tsiku latsopano kwambiri.

Onani padenga. Mabogi akale otseka anali ndi kanjira kamatabwa kapena kazitsulo pamwamba, ndi makwerero ofika kudenga, poti antchito ankayenda pamwamba pa sitima. Kuyambira 1966 mabogi atsopano ankapangidwa opanda kanjirako, ndipo pa akale ankachotsa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Onaninso ngati pambali pali kachikwangwani kakuda kokhala ndi timizere tofiira, tabuluu ndi toyera. Kameneko ndi ka KarTrak, njira yowerengera mabogi ndi makina imene inakhazikitsidwa mu 1967 n'kusiyidwa cha m'ma 1977 chifukwa timizereto tikada makina sankawerenga. Kachikwangwani kakaoneka, chithunzicho si cha 1967 isanafike. Kakakhala kowala, muli m'zaka zoyambirira zake. Kakakhala kosuluka, mwina mwafika m'ma 1980, poti palibe amene ankavutika kukachotsa.

Zina nzachidule. Caboose inayamba kutha m'zaka za m'ma 1980, m'malo mwake n'kumaika kabokosi kanyale kumbuyo kwa bogi yomaliza. Makontena osanjikiza awiriawiri anafala kuyambira 1984. Nyale ziwiri zowonjezera chapansi kutsogolo kwa injini zinakhala lamulo pofika kumapeto kwa 1997. Ndipo musaiwale magalimoto oimikidwa pafupi ndi nsanja. Makampani a ku America ankasintha kaonekedwe ka galimoto pafupifupi chaka chilichonse m'zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960, moti galimoto ya wantchito wapansanja ingakuuzeni zambiri kuposa injini.

Malire enawo, oti chithunzi sichingapitirire chaka chakuti, amavuta kupeza. Amachokera ku zinthu zimene zinachotsedwa tsiku lodziwika: nsanja imene inagwetsedwa, njanji imene inazulidwa, mphambano imene inalowedwa m'malo ndi mlatho monga ya ku Colton mu 2013.

Tiyerekeze kuti muli ndi slide imene wina analembapo kuti Rochelle 1965. Injini imene ikudutsa ndi yachikasu ndi yobiriwira, ya Chicago & North Western. Imene yaima ndi yobiriwira, ili ndi zilembo zoyera BN. Basi, 1965 yagwa pomwepo, poti Burlington Northern kunalibe mpaka March 1970. Mabogi ambiri ali ndi tizikwangwani ta KarTrak towala, ena akadali ndi tinjira tapadenga, kontena palibe ndi imodzi yomwe. Zonsezi zikuloza zaka za m'ma 1970. Mwina wolembayo anafuna kulemba 1975, koma kumeneko ndi kungoganiza, ndipo musakulembe ngati umboni. Kenaka mukuona kuti sitima ya North Western ikuyenda panjanji ya kumanzere, chonsecho ku America sitima zimayenda kumanja. Musathamangire kutembenuza slide. Kampani imeneyi inali yosiyana ndi zinzake, inkayendadi kumanzere. Zilembo zikuwerengeka bwino, ndiye slide ili bwino.

Chachisanu ndi chimodzi: tsimikizani ndi mapu

Dzina la tauni likadali longoganizira mpaka mutaliika pamapu a nthawiyo. Mapu akale a bungwe la boma la USGS amapezeka pa intaneti kwaulere ndipo amaonetsa njanji iliyonse ndi dzina la mwini wake. Mapu a Sanborn, amene ankajambulidwa kuti athandize makampani a inshulansi ya moto, amaonetsa nyumba imodziimodzi, nsanja ndi siteshoni zomwe, ndipo ambiri ali pa webusaiti ya Library of Congress. Yerekezani kuchuluka kwa njanji mbali iliyonse, kupendekeka kwa mtandawo, ndi ngodya imene nsanja yaimapo.

Kuti mudziwe kumene wojambula anayang'ana, tsatani mithunzi. Ku United States ndi ku Britain dzuwa la masana limakhala chakummwera, ndiye mthunzi waufupi umaloza kumpoto. Mthunzi wautali ndi wammawa kapena wamadzulo. Pofuna kuyeza mtunda, gwiritsani ntchito njanji yomweyo: pakati pa zitsulo ziwiri pali mamilimita 1435. Zikagwirizana zonse kupatula chimodzi, monga nsanja kukhala mbali yolakwika, musachinyalanyaze chimodzicho. Kawirikawiri ndicho chikunena zoona, ndipo tauni yake ndi ina.

Chachisanu ndi chiwiri: yerekezani ndi zithunzi zodziwika tsiku, ndipo kayikani zokongola mopitirira

Jack Delano anajambula njanji za ku Chicago mu 1942 ndi 1943 akugwira ntchito m'boma la America, ndipo mu March 1943 anakwera sitima zakatundu za Santa Fe kuchokera ku Chicago mpaka ku California. Zithunzi zake zili ku Library of Congress, zambiri zamitundu, zolembedwa mwezi ndi malo. Ndi muyeso wabwino wa mmene mabogi, zovala za antchito ndi zizindikiro zinkaonekera nthawi ya nkhondo, ndipo poti inali ntchito ya boma, aliyense angathe kuzigwiritsa ntchito. O. Winston Link anajambula Norfolk & Western kuyambira 1955 mpaka 1960, zambiri usiku ndi mababu owalitsa ochuluka, ndipo ku Roanoke, Virginia, kuli nyumba yosungiramo ntchito yake. Zakezo zili ndi eni ake. Kumbukirani kuti kugula chithunzi sikukupatsani ufulu wochisindikiza. Laibulale ya Barriger ku St. Louis ndi bungwe la Center for Railroad Photography & Art ku Madison, Wisconsin, nawonso ali ndi zithunzi zambiri pa intaneti.

Zithunzi za Link zikutikumbutsa kuti chithunzi chenicheni chikhoza kukhala chokonzedweratu. Iye ankayala nyale ndi kuimika anthu sitima isanafike. Ku Richmond, Virginia, kuli malo amene njanji zitatu zasanjikizana, Southern pansi, Seaboard Air Line pakati, Chesapeake & Ohio pamwamba. Zithunzi zotchuka za sitima zitatu pamalopo sizinangochitika mwamwayi, makampaniwo ankachita kugwirizana n'kuziimika. Mainjini onyezimira, onse ataima pamalo oyenera, antchito akuyang'ana kamera, imeneyo ndi ntchito ya ofesi yotsatsa malonda. Chithunzicho nchabwinobe, koma lembani kuti nchokonzedweratu.

Osindikiza makadi akale ankathanso kumata sitima pamalo pamene panalibe, n'kujambulira utsi ndi burashi. Mudzazindikira ndi mithunzi yoloza kosiyana, kapena mawilo osakhala bwino pazitsulo. Masiku ano kwabwera zithunzi zopangidwa ndi AI zopakidwa chikasu kuti zioneke zakale. Pa zimenezi pitani msanga pamtanda penipenipo. Pa diamond yeniyeni chitsulo chilichonse chimakhala ndi timipata podutsa milomo ya mawilo a njanji inayo, pamodzi ndi zitsulo zotchinjiriza mkati. Makina opeka zithunzi amangogoneka chitsulo pamwamba pa chinzake, kapena njanji zimasungunukirana popanda posinthira. Zilembo zimakhala zosawerengeka, ndodo zokoka mawilo sizilumikizana ndi chilichonse, ndipo sitima zonse ziwiri zimathamangira pamtanda nthawi imodzi.

Chomaliza: lembani ndi kusunga

Zimene wina analemba kumbuyo musafufute, ngakhale zili zolakwa, poti nazonso ndi mbiri ya chithunzicho. Zanu lembani papepala lina kapena pa emvulopu, ndi pensulo yofewa. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo ndipo inki imasefukira. Siyanitsani zimene mukudziwa ndi zimene mukuganiza, ndipo pa mfundo iliyonse nenani umboni wake kuti wobwera pambuyo panu athe kukutsutsani.

Chithunzi chilichonse chikhale m'kathumba kakekake ka polyester kapena polypropylene, osati ka PVC, kamene kamatulutsa mafuta omata. Selotepi, guluu ndi lamineti ayi. Bokosi likhale pamalo amdima, ozizira kosapitirira madigiri 20 Celsius, chinyezi cha pakati pa 30 ndi 40 peresenti, kutali ndi denga ndi khoma lonyowa. Kodachrome imasunga mtundu wake zaka zambiri mumdima koma imasuluka msanga pa nyale ya pulojekita, ndiye muzionetsa anthu kope la m'kompyuta. Negative ikayamba kununkha viniga, filimu yake yayamba kuola ndipo imawononga zinzake, ndiye isikanireni msanga n'kuipatula.

Slide ya chitsanzo chathu ija ndingailembe motere: "Rochelle, Illinois. Sitima yakatundu ya Chicago & North Western ikudutsa pamphambano, ya Burlington Northern ikudikira. Kakatoni kalembedwa 1965 ndi dzanja, koma si March 1970 isanafike chifukwa cha penti ya BN. Mwina zaka za m'ma 1970, poona KarTrak ndi tinjira tapadenga. Wojambula sakudziwika."